Marrakech kapena Fes? Ine ndikulozerani kumpoto

Mizinda iwiri ya ku Morocco imalimbirana alendo: Marrakech kummwera, m'mphepete mwa mapiri a Atlas, ndi Fes kumpoto. Pa mapu imaoneka ngati ili pafupi, koma pakati pake pali makilomita opitirira 500, ndipo sitima imatenga maola pafupifupi 7 kudutsa ku Casablanca, Rabat ndi Meknes. Sitima yaliwiro ija ya Al Boraq, imene inayamba kuyenda mu 2018, imathera ku Casablanca kuchokera ku Tangier. Ndiye munthu amene wapeza sabata imodzi ya tchuthi ayenera kusankha mzinda umodzi, apo ayi tchuthi chake chithera pa mpando wa sitima ndi kumanga zikwama n'kumasula. Konse kuwiri ndinakhalako, ndipo mtima wanga uli ku Fes. Komabe Marrakech sindikufuna kuulakwira, chifukwa uli ndi zinthu zimene Fes alibe, ndipo alipo anthu amene ndingawauze mosazengereza kuti apite kumeneko.

Kwa ife amene tikukhala kuno ku Britain, nthawi zambiri ndege ndi imene imatisankhira. Zopita ku Marrakech zimanyamuka m'mabwalo ambiri, zotchipa, ndipo m'maola osakwana anayi wafika. Za ku Fes zilipo koma n'zochepa, masiku ake ndi owerengeka. Ochokera ku Lilongwe kapena Blantyre ndiye ulendo ndi wautali, wosinthasintha ndege, ndipo pasipoti ya Malawi imafuna viza. Mu 2022 boma la Morocco linayambitsa viza yopempha pa intaneti, imene yathandiza anthu amene ali ndi chilolezo chokhalira ku Britain, America kapena mayiko a ku Ulaya. Munthu amene wavutika chonchi kuti afike, si bwino kuti asankhe mzinda chifukwa choti ndi umene zithunzi zake zadzaza pa Instagram.

Marrakech ndi mzinda wofiira. Makoma ake ndi a dothi lofiirira, ndipo dzuwa likamalowa mzinda wonse umayaka. Anauyambitsa ndi mafumu a Almoravid cha m'ma 1070, anthu ochokera m'chipululu cha Sahara, ndipo dzina la dziko lonse m'zinenero za ku Ulaya linachokera ku dzina la mzinda umenewu. Nsanja ya mzikiti wa Koutoubia, yotalika mamita pafupifupi 77, yakhala chiimire kuyambira m'zaka za m'ma 1100, ndipo ukasochera umangoiyang'ana n'kudziwa kolowera. Mzindawu ndi wachidikha, ulibe zitunda, choncho miyendo siivutika. Kumbuyo kwake, nyengo yozizira kukacha bwino, mapiri amaoneka atavala chipale.

Mtima wa zonse ndi bwalo la Jemaa el-Fnaa. Masana ndi bwalo wamba lotentha, la ngolo zogulitsa madzi a malalanje, anthu a njoka ndi zitoliro zawo, ndi anyani omangidwa unyolo oti alendo ajambulitse nawo. Za anyanizi ndinene poyera kuti zimandiwawa: nyamazi amazichotsa m'nkhalango za m'mapiri zili zazing'ono, ndipo ndalama iliyonse imene mlendo amapereka imatumiza munthu kukagwira ina. Koma dzuwa likapendeka, bwalo limasintha. Anyamata amabwera akukoka ngolo, amaimika matebulo ndi mabenchi, amayatsa makala, ndipo posakhalitsa utsi wa nyama yowotcha umakwera n'kuphimba nyali. Pali ogulitsa msuzi wa nkhono, ogulitsa mitu ya nkhosa yophika mpaka nyama kumangoyoyoka, ogulitsa tiyi wa zokometsera woyabwa pakhosi. Ndiye kuseri kwa matebulo, kumene nyali sizifika bwino, anthu amazungulira m'magulu m'magulu. Pakati pa gulu lililonse pali woimba, woseketsa, wogulitsa mankhwala azitsamba, kapena mkulu wofotokoza nthano.

Ndinaima pa gulu lina kwa nthawi yaitali ngakhale Chiarabu chawo cha Darija sindimva. Mkuluyo anali atakhala pa kampando kakafupi, nyali ya gasi ili pambali. Ankatsitsa mawu mpaka anthu kuweramira kutsogolo, kenako n'kuwomba m'manja kamodzi, aliyense n'kudzidzimuka. Atafika pamene nkhani yakoma anangokhala chete, n'kuloza mbale imene inali pansi. Anthu anaseka, ndalama zachitsulo zinagwera m'mbale, nkhani n'kupitirira. Omvetserawo anali eni dziko okhaokha, amuna obwera ku ntchito, anyamata, nkhalamba zovala mikanjo yokhala ndi chipewa. Chifukwa cha luso limeneli bungwe la UNESCO mu 2001 linaika bwaloli pa mndandanda wa chuma cha anthu onse chosungidwa pakamwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti akuluakulu a nthanowa atsala ochepa, ndipo mawu awo amamira m'phokoso la ng'oma ndi njinga zamoto.

Njinga zamotozi ndiye vuto langa loyamba ndi Marrakech. M'tinjira ta mzinda wakale, momwe anthu awiri amapatukirana movutikira, zimadutsa mwaliwiro, utsi wake n'kutsalira pansi pa denga la msika. Sungayende utakweza maso kuti uone zitseko ndi makoma. Khutu limakhala kumbuyo nthawi zonse. Vuto lachiwiri ndi lakuti pakati pa mzindawu pafupifupi chilichonse chinatembenukira kwa mlendo. Nyumba zambiri zakale zokhala ndi bwalo ndi mitengo m'kati, zimene amazitcha riad, zinagulidwa n'kusandutsidwa malo ogona alendo, ambiri mwa ogulawo ndi azungu. Mabanja amene ankakhalamo anasamukira kunja kwa mpanda. Nyumbazo anazikonza bwino kwambiri, sindikana, ndipo kugonamo n'kokoma. Koma ukamayenda umamva kuti anthu akukuwerengera m'thumba. Mayi wina pa bwalo lija anandigwira dzanja n'kuyamba kulemba maluwa a hina ndisanavomere, kenako anatchula mtengo woti munthu angadyere masiku awiri. Sindimuda mayiyo, nayenso ali ndi ana. Ndimangoona kuti mzinda ukadalira alendo chonchi, ubale wa mwini mudzi ndi mlendo umawonongeka mbali zonse ziwiri.

Pali malo amodzi ku Marrakech amene munthu wa khungu lakuda ayenera kuimapo n'kuganiza. Ndi mabwinja a nyumba yachifumu ya El Badi. Anaimanga ndi mfumu Ahmad al-Mansur atapambana nkhondo ndi Apwitikizi mu 1578. Mu 1591 mfumu yomweyi inatumiza asilikali a mfuti kudutsa chipululu cha Sahara, ndipo pa nkhondo ya ku Tondibi anagonjetsa ufumu wa Songhai. Golide ndi akapolo zinakwera kumpoto, mfumuyo n'kupatsidwa dzina loti wagolide. Ophunzira a ku Timbuktu anagwidwa, mmodzi wa iwo Ahmad Baba, amene anamufikitsa ku Marrakech mu 1594 ndipo anakhalako zaka zoposa khumi asanaloledwe kubwerera kwawo. Patapita zaka pafupifupi 100, mfumu ina, Moulay Ismail, inagumula nyumbayo n'kutenga miyala yake yamtengo wapatali kukamangira Meknes. Lero kwatsala makoma aatali opanda kanthu, ndipo pamwamba pake adokowe anamanga zisa. Oimba a Gnawa amene mumawamva pa bwalo lija, ndi zitsulo zawo zolira m'manja ndi gitala wa zingwe zitatu, nyimbo zawo zinachokera kwa anthu akuda amene anabwera nawo mu ukapolo kudzera njira zomwezi. Alendo ambiri amangovina n'kujambula. Ine ndinamva nyimbozo mosiyana nditachoka ku El Badi.

Zina zotchuka za mzindawu ndingodutsapo. Munda wa Majorelle, umene katswiri wokonza masitayilo a zovala wa ku France, Yves Saint Laurent, ndi mnzake Pierre Bergé anagula mu 1980, ndi wokongola koma waung'ono ndipo anthu amachita kupanikizana. Nyumba ya Bahia ndi sukulu yakale ya Ben Youssef n'zoyenera kuona, m'mamawa anthu asanachuluke. Chakudya chawo cha tanjia ndiye musachiphonye: nyama, ndimu wosungidwa mumchere, adyo ndi zokometsera amaziika mumtsuko wadothi, n'kuumata pakamwa, n'kukaukwirira m'phulusa la ng'anjo imene imatenthetsa madzi a nyumba yosambiramo anthu onse. Umakhala m'menemo maola ambiri. Amati n'chakudya cha amuna ogwira ntchito mumsika, ophika okha.

Chifukwa chachikulu chimene chingandichititse kusankha Marrakech chili kunja kwa mzinda. Kuchokera pamenepo, pasanathe maola awiri wafika ku Imlil, mudzi wa anthu a mtundu wa Amazigh m'munsi mwa phiri la Toubkal, lotalika mamita 4,167, lalitali kuposa onse kumpoto kwa Africa. Usiku wa pa 8 September 2023 chivomezi cha mphamvu ya 6.8 chinagwedeza mapiri amenewa n'kupha anthu pafupifupi 3,000, ambiri a iwo m'midzi ya nyumba zadothi. Mzikiti wakale wa Tinmel unagumuka. Anthu a m'midzi imeneyi amadya chifukwa cha alendo okwera mapiri: operekeza, eni nyulu, amayi ophika. Ndalama imene wasiya kumeneko imalowa m'nyumba imene ikumangidwanso. Komanso nyanja ili pafupi. Basi ya ku Essaouira imatenga maola atatu okha.

Tsopano Fes.

Ukalowa pa chipata cha Bab Boujloud, chabuluu kunja, chobiriwira m'kati, galimoto umaisiya kumbuyo. Mzinda wakale, Fes el-Bali, uli m'chigwa, ndipo misewu iwiri, Talaa Kebira ndi Talaa Sghira, imatsetsereka kulowera kumtsinje. Kuchokera m'misewu imeneyi mumatuluka tinjira tosawerengeka. Eni ake amati tilipo 9,000. Tina n'topapatiza moti mapewa amakhudza makoma onse awiri, tina timadutsa pansi pa nyumba za anthu mumdima, tina timangothera pa chitseko. Katundu yense, masilinda a gasi, matumba a simenti, zikopa, mabokosi a zakumwa, amalowa pamsana pa abulu ndi nyulu kapena pa ngolo zokankha. Ukamva mawu oti "balak!" kumbuyo kwako, mamatira khoma, nyulu ikudutsa ndipo siima.

Mzindawu ndi wakale kuposa Marrakech. Idris woyamba anayamba kumanga tsidya lina la mtsinje mu 789, mwana wake Idris wachiwiri n'kumanga tsidya linalo mu 809. Kenako kunabwera othawa kwawo: mabanja ochokera ku Córdoba ku Spain anakhala tsidya lina, ochokera ku Kairouan ku Tunisia tsidya linalo, ndipo mpaka lero zigawo ziwirizi zimatchedwa ndi mayina a kumene anthuwo anachokera. Unali likulu la dziko kangapo, mpaka mu 1912 pamene Afalansa, atasainitsa pangano lolanda ulamuliro mu Fes momwemo, anasamutsira likulu ku Rabat. Kusiyidwa kumeneko kunausaukitsa mzindawu, ndipo mabanja ambiri olemera anapita ku Casablanca. Koma kunausunganso. UNESCO inauika pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 1981, zaka zinayi Marrakech asanalowe.

Chimene chinandigwira mtima ku Fes ndi buledi. M'mawa uliwonse, pa kanjira ka pafupi ndi pomwe ndinkagona, pankadutsa ana ndi amayi atasenza mathabwa ofunditsidwa nsalu. Pansi pa nsaluyo pali mikate yobulungira yosaphika, yokandidwa kunyumba. Amapita nayo ku uvuni ya m'dera, kachipinda kamdima kotsikira pansi, kumene bambo mmodzi amaima m'dzenje kutsogolo kwa moto wa nkhuni atagwira thabwa lalitali ngati nkhafi. Amalowetsa mikateyo, kuitembenuza, kuitulutsa, n'kubwezera uliwonse pa thabwa la mwini wake osasokoneza. Ndinamufunsa ndi manja kuti amadziwa bwanji. Anandionetsa: wina amaboola ndi foloko, wina amadinda chala pakati, wina nsalu yake ndi yamizeremizere. Zinandikumbutsa ku chigayo kwathu, kumene matumba amafola pamzere ndipo mayi aliyense amadziwa lake, wogayitsa amadziwa kuti ili ndi la kwa ayani, nkhani za m'mudzi n'kumaphikidwa pomwepo podikira. Bamboyo ananyema buledi wotentha n'kundipatsa, ndipo nditatulutsa ndalama anagwedeza mutu n'kuika dzanja pamtima. Uvuni imeneyo sanaimangire ine. Ndikanapanda kubwera ikanayaka chimodzimodzi.

Pamenepa ndi pamene pagona kusankha kwanga. Ku Fes alendo aliko, ogulitsa okakamiza aliko, koma mzinda wakalewu udakali mudzi wa anthu masauzande ambirimbiri amene amagona, kuphika, kupemphera ndi kugwira ntchito momwemo. Dera lililonse lili ndi mzikiti wake, uvuni yake, kasupe wake, nyumba yosambira ndi kasukulu ka ana. Pa bwalo la Seffarine amisiri a mkuwa amakhala pansi pa mtengo n'kumasula miphika ikuluikulu ndi nyundo, phokoso lake kumveka usanafike, ndipo ina mwa miphikayo ndi yobwereketsa pa maukwati. Pena anthu akupota ulusi atautambasula m'litali mwa khoma, pena akusema mkungudza, pena akudula timatailosi ta zellij kamodzikamodzi ndi kanyundo kakuthwa.

Malo ofufutira zikopa a Chouara ndiwo amajambulidwa kwambiri. Umakwera pamwamba pa sitolo ya zikwama, amakupatsa kanthambi ka minti kuti uziika pamphuno, n'kuyang'ana pansi: maenje ozungulira amiyala, ena oyera, ena ofiira, achikasu, akhofi. M'maenje oyerawo muli laimu ndi zitosi za nkhunda, zochotsa ubweya ndi kufewetsa chikopa. Amuna amalowamo mpaka m'ntchafu n'kumaponda, dzuwa lili pamutu. Fungo lake ndi loopsa. Ndinaona bambo wina wachikulire akutuluka m'dzenje, miyendo ili yofiira ngati wavulala, akukoka chikopa chonyowa cholemera n'kuchiponya paphewa. Ife tinali pamwamba ndi minti yathu ndi mafoni athu. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamatsitsa mtengo wa nsapato zachikopa zija zosongoka kutsogolo, ndimadziwa polekezera. Kunenerera ndi mwambo wa msika wawo ndipo wogulitsa amakuyembekezera kutero, koma pali mtengo wina umene ukautchula ndiye kuti ukudya thukuta la bambo uja.

Pakatikati pa zonsezi pali mzikiti wa al-Qarawiyyin. Mbiri imati anaumanga mu 859 ndi mayi wina, Fatima al-Fihri, mwana wa wamalonda wochokera ku Kairouan, pogwiritsa ntchito chuma chimene bambo ake anamusiyira, ndipo m'bale wake Mariam anamanga mzikiti wa tsidya linalo. Nkhani imeneyi inalembedwa patapita zaka mazana angapo, choncho akatswiri a mbiri amatsutsanapo, koma anthu a ku Fes amainyadira. Pa mzikitiwu panakula sukulu imene ambiri amaitcha yunivesite yakale kwambiri padziko lonse mwa zimene zikugwirabe ntchito. Nyumba yake ya mabuku anaikonzanso zaka zapitazi motsogozedwa ndi katswiri wa zomangamanga Aziza Chaouni, mayi wa ku Fes komweko. Ku Morocco munthu amene si Msilamu salowa mumzikiti, kupatula waukulu uja wa Hassan II ku Casablanca, ndiye ine ndinangosuzumira pakhomo n'kuona mizati yoyera ikundandalikana mpaka kutali. Abale athu Achisilamu a ku Mangochi, Machinga kapena Nkhotakota angalowe n'kuswali momwemo, ndipo kwa iwo ndikuganiza kuti nkhani yosankhayi yathera pomwepa.

Zimene tonse tingalowe ndi masukulu akale a mafumu a Marinid. Al-Attarine inamangidwa cha m'ma 1325, Bou Inania m'zaka za m'ma 1350. Ndi nyumba zazing'ono, koma palibe malo pakhoma pamene dzanja la mmisiri silinafike: pansi matailosi, pakati pulasitala wosemedwa ngati nsalu yoluka, pamwamba mkungudza wakuda ndi ukalamba. Kumwamba kuli tizipinda ta ophunzira, tating'ono moti munthu amangokwanira kugona. Mfumu imene inamanga Bou Inania, Abu Inan, ndi yomwenso inalamula kuti maulendo a Ibn Battuta, munthu wa ku Morocco amene anayenda mayiko ambiri, alembedwe, ndipo analembedwera mu Fes momwemu. Munthu ameneyu cha m'ma 1331 anafika ku Mombasa ndi ku Kilwa, gombe lomwe patapita zaka mazana angapo amalonda a Chiyao ankapitako ndi minyanga kuchokera kunyanja kwathu. Nditaima m'bwalo la sukuluyo ndinaona kuti Fes si kutali ndi ife monga mapu a ndege amanenera.

Pali chinanso chimene mabuku a alendo satchula kawirikawiri. M'kati mwa mzinda wakalewu muli manda a Sheikh Ahmad al-Tijani, amene anamwalira ku Fes mu 1815. Otsatira chiphunzitso chake ndi mamiliyoni ku Senegal, Mali, Niger ndi Nigeria, ndipo akhala akubwera kudzaona manda amenewa kwa mibadwo. Ukayandikira pamalopo umakumana ndi amayi akuda ovala nsalu zowala ndi maduku akuluakulu, abambo a mikanjo yotakata, chinenero cha Wolof chikumveka m'masitolo. Ogulitsa a m'dera limenelo anazolowera kuti munthu wakuda ndi mlendo wolemekezeka wobwera kudzapemphera, wokhala ndi ndalama zake. Ndinayenda pamenepo mapewa ali pansi, momasuka.

Sindikunena kuti ku Fes kulibe tsankho. Liliko, monganso ku Marrakech. Anyamata amakuitana ndi dzina la dziko lililonse limene lawabwerera, ndipo ena amalankhula za "Africa" ngati iwo ali kontinenti ina, chonsecho dziko lawo linabwerera mu African Union mu 2017 litatuluka mu OAU, bungwe lakale la mayiko a mu Africa, mu 1984. M'misewu ya mzinda watsopano umaona anyamata akuda akupempha pa maloboti, anthu amene anadutsa chipululu pofuna kuwolokera ku Spain n'kukanirira panjira. Ukawayang'ana m'maso umadziwa kuti chimene chikukusiyanitsani ndi kapepala kamene kali m'thumba mwako. Wopita ku Morocco ali wakuda apite akudziwa zimenezi. Koma aliko anthu ambiri abwino, ndipo mpira umatsegula makomo. Bambo wina wogulitsa tiyi atamva kuti ndine wa ku Malawi anaika ketulo pansi n'kuyamba kusonyeza ndi mwendo momwe Gabadinho Mhango anamenyera chigoli chija kuchokera patali pamene Malawi inkasewera ndi Morocco ku Yaoundé mu January 2022. Kenako anadziguguda pachifuwa: amene anabweza chigolicho ndi mutu, Youssef En-Nesyri, ndi mwana wa ku Fes. Tinagonja 2-1 tsiku limenelo Achraf Hakimi atamenya chachiwiri, koma bamboyo anati usiku umenewo mtima unali m'mwamba mpaka wosewetsa mpira ataimba wezulo yomaliza. Tiyi ndinamwa makapu angapo.

Zovuta za Fes ndizinene mosabisa. Ndi mzinda wa zitunda ndi masitepe, miyala yake yoterera mvula ikagwa. Kusochera n'kosapeweka, ndipo mapu a pafoni amabalalika m'tinjira timeneti. Pali anyamata amene amakuuza kuti njira imene ukupitayo yatsekedwa, n'cholinga choti akuperekeze ku sitolo ya m'bale wawo kenako akulipiritse; yankho ndi "la, shukran," kumwetulira, n'kupitirira. Nyumba zina zakalamba moti makoma anawachirikiza ndi mitengo. Usiku mzinda wakale umagona msanga, tinjira n'kukhala zii, ndipo mowa ndi wosowa. Wofuna madansi ndi mabala apite ku Marrakech, ku Gueliz ndi Hivernage. Lachisanu masitolo ambiri amatseka. Miyezi ya December ndi January kumazizira ndi mvula, ndipo nyumba zakalezi anazimanga kuti zizithawa kutentha, choncho funsani ngati chipinda chili ndi chotenthetsera musanalipire.

N'chifukwa chake alamu anga atandifunsa, iwo ali ndi bondo lovuta ndi ana awiri aang'ono, sindinawakakamize maganizo anga. Ndinati, "Alamu, inu ndi bondo lanulo Fes akulizani. Pitani ku Marrakech, mupeze malo okhala ndi dziwe losambira, anawa akakwere ngolo ya mahatchi, tsiku lina mukawaonetse nyanja ku Essaouira. Ana akakula tidzapitira limodzi kwinaku." Anapita ndipo anasangalala. Chimodzimodzi amene akupita kukakondwerera ukwati, kapena gulu la anzawo lofuna kuvina, kapena wokonda kukwera mapiri: Marrakech ndi wawo.

Koma munthu wa miyendo yake, amene akufuna kuona momwe mzinda wa zaka zoposa 1,200 umadzidyetsera ndi kudziveka, apite ku Fes ndipo asathamange. Ndalama zimapitanso patali kumeneko, chifukwa malo ogona ndi chakudya n'zotsikirapo. M'mawa adye bissara, phala la nyemba zouma lothira mafuta a olivi ndi chitowe, pa kabenchi limodzi ndi onyamula katundu. Tsiku lina alawe pastilla, chakudya chonyaditsa cha mzindawu: nyama ya nkhunda kapena nkhuku, mazira ndi maalimondi zokutidwa m'timapepala ta ufa topyapyala, pamwamba owaza shuga ndi sinamoni. Lilime lathu silinazolowere nyama ya shuga, koma pofika pakati pa mbale umakhala utagonja. Akafuna kupuma ku tinjira, Meknes ili pafupi pa sitima, ndipo kufupi ndi kumeneko kuli Volubilis, mabwinja a mzinda wa Aroma okhala ndi zithunzi za timiyala zidakali pansi pomwe anaziyala. Kummwera pang'ono kuli Ifrane ndi nkhalango za mkungudza za ku Azrou, kumene anyani aja amakhala mwaufulu m'mitengo yawo.

Nyengo yabwino konse kuwiri ndi March mpaka May, kapena kumapeto kwa September mpaka November. July ndi August kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo masana sungachite kanthu. Onaninso kuti Ramadan igwa liti chaka chimenecho: masana malo ambiri odyera amatseka, ngakhale madzulo ake, pamene mabanja amamasula ndi msuzi wa harira ndi zipatso za kanjedza, ndi okoma kuwaona. Mizinda yonse iwiri idzachititsa nawo masewero a World Cup ya 2030, imene Morocco ikukonza limodzi ndi Spain ndi Portugal, ndipo zomangamanga zayamba kale. Mantha anga ndi akuti ndalama zimenezi zidzachita ku Fes zimene zinachita pakati pa Marrakech, mabanja n'kugulitsa nyumba, mauvuni aja n'kuzima chifukwa chosowa wokanda buledi. Ndi chifukwa china chimene ndikunenera kuti wofuna kupita asachedwe, ndipo akapita agone m'nyumba ya eni dziko, agule kwa mmisiri amene wapanga chinthucho.

Tsiku loyamba lembani wokuperekezani wovomerezeka ndi boma, wokhala ndi chiphaso, ndipo mugwirizane mtengo musananyamuke, mumuuzenso kuti simukufuna kuzungulira m'masitolo a makapeti. Masiku otsatirawo yendani nokha. Yambirani kumtunda ku Bab Boujloud muzitsika, popeza njira iliyonse yotsetsereka imakufikitsani kumtsinje. Ndalama zachitsulo za dirham zikhale m'thumba lapafupi, za tiyi ndi za mwana amene angakutulutseni mukasochera zenizeni. Mukafika kumunsi miyendo itatopa musalimbane ndi chitunda: tulukirani pa bwalo la R'cif, imitsani takisi yaing'ono yofiira, ndipo muuzeni dalaivala ayatse mita musanakhale pansi.